Akuti amayi awo asasambitsidwe ndi munthu wakuda: ndiyankhule kapena ndisunge viza?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito kumpoto kwa England. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Anamwino, ndinabwera kuno mu 2023 pa viza ya care, ndipo ndimagwira pa care home ina ya okalamba 40. Mwezi watha ana a gogo wina anauza manijala kuti sakufuna kuti amayi awo azisambitsidwa ndi munthu wakuda. Manijala sanatiuze kanthu, tinangoona rota yasintha, ife atatu a ku Africa atichotsa pa kolido imeneyo. Palinso agogo ena aamuna odwala matenda oiwalaiwala amene amanditchula nyani ndikamawasintha zovala. Mashifiti ausiku ndi a pa Khirisimasi amagwera ife. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito ndi manja angawa wapatsidwa udindo wa senior carer, ine sanandiitane n'komwe. Pakati pa okalamba tilinso ndi bambo mmodzi yekha wachikuda, wa ku Jamaica, khungu lake latuwa ngati phulusa ndipo sakudya. Tsopano manijala yemweyo akuti ndikhale equality champion, woona kuti pasakhale tsankho, chifukwa a CQC, bungwe loyendera ma care home, akubwera. Amuna anga akuti kwa eni kulibe mkuwe, ndingokhala chete mpaka mapepala atatheka. Kodi ndikungodzimvera chisoni, kapena ili ndi tsankho? Nditani?"

Achemwali, pepani kwambiri. Simukudzimvera chisoni, ndipo simukulota. Ndagwira unamwino m'zipatala za boma za NHS zaka zoposa makumi awiri, zina mwa izo ndikuimira anzanga pa milandu ya kuntchito, ndipo kalata yanuyi ndaimvapo kwa Amalawi, Azimbabwe, Afilipino ndi anthu ochokera ku India. Amuna anu sakunama kuti kwa eni kumafuna ulemu. Koma dziko la eni akelo lili ndi malamulo ake olembedwa, ndipo zina mwa zomwe mwafotokozazi malamulowo amaziletsa.

Mwaika zinthu zisanu m'dengu limodzi, ndipo sizilemera mofanana. Tiyeni tizitsitse.

Nkhani ya rota ndi imene ili poyera kwambiri. Lamulo la Equality Act 2010, lomwe limagwira ntchito ku England, Scotland ndi Wales, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, ndipo mawu oti mtundu akuphatikizapo khungu, dziko lochokera ndi fuko. Lamulolo limanena mosabisa kuti kupatula anthu potengera mtundu ndi tsankho. Gogo atha kupempha kuti azisambitsidwa ndi mkazi mnzake osati mwamuna, zimenezo n'zololedwa chifukwa zikukhudza ulemu wa thupi lake. Koma kusankha khungu la womusambitsa palibe. Ndipo mvetsani apa: ana a gogowo anangopempha, amene anagwira cholembera n'kukuchotsani pa kolido ndi manijala. Pamaso pa lamulo, amene ayenera kuyankha ndi kampani yomwe inakulembani ntchito. Manijala wodziwa ntchito akanawakhazika pansi anawo, n'kuwauza kuti antchito athu onse ndi ophunzitsidwa, ngati pali chimene wina walakwitsa chitchuleni tichione, koma za khungu pano sitimvera. Mamanijala ambiri amasintha rota mwakachetechete osati chifukwa chodana nanu, koma chifukwa choopa dandaulo ndi kutaya ndalama za bedi. Mantha awowo sachotsa mlandu.

Za agogo aamuna aja ndi zina. Matenda oiwalaiwala amamasula lilime. Mawu amene munthu ankawabisa, kapena amene ankawamva ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, amatuluka opanda chotchinga. Sitingawaimbe mlandu ngati munthu wabwinobwino. Koma sindigwirizana ndi chizolowezi cha m'ma care home ambiri chongoti "ndi matenda, musaziike kumtima". Ine ndinalavulidwapo kumaso ndi mayi wina wa zaka 88 akunditchula mawu omwewo, pa wodi ina usiku. Ndinapita ku sinki, ndinasamba, ndinabwerera kukamaliza kumupatsa mankhwala. Chimene chinandipweteka mpaka m'mawa sichinali malovuwo, koma mnzanga amene anaima pambali n'kuseka, amvekere "ndiye wakukondatu lero". Kudwala kwa agogowo sikuchotsa udindo wa bwana woteteza antchito ake. Nthawi iliyonse akakunyozani, zilembedwe pa fomu ya incident. Zilowenso mu care plan yawo: amayamba nthawi yanji, akakhala ndi ululu kodi, akadzidzimutsidwa kutulo kodi, mukalowa awiri zimachepa kodi. Nthawi zambiri ndapeza kuti munthu wotere amalusa pamene akumva kuwawa kapena akuchita manyazi povulidwa. Muli ndi ufulu wotuluka kaye m'chipindamo ngati iwo ali pabwino, ndi wopempha kuti musamapatsidwe chipinda chimenecho tsiku ndi tsiku nokha. Kusiyana kwake ndi nkhani yoyamba ija n'koti apa wopempha kupuma ndinu, sakukuchotsani pofuna kusangalatsa wonyozayo.

Mashifiti ndi kukwezedwa pantchito ndiye pamafunika mutu wozizira. Apa ndikutsinani khutu: si chilichonse chowawa chimene chili tsankho. Pena mashifiti ausiku amagwera anthu a viza chifukwa ndi amene kontirakiti yawo ili ndi maola ambiri, kapena chifukwa ndife amene sitikana. Pena mtsikanayo ali ndi satifiketi yopereka mankhwala kapena Level 3 imene inu mulibe. Koma funso lotsatira n'lakuti, ndani anamutumiza kukaphunzira, ndipo n'chifukwa chiyani inu simunauzidwe? Tsankho la kuno kawirikawiri silibwera likukuwa. Limabwera likumwetulira, kudzera m'zinthu zing'onozing'ono: ntchito yosalengezedwa, maphunziro omwe amamva okhawo osuta fodya ndi bwana kuseri kwa kitchini, cholakwa chomwe kwa wina chimathera pa "usadzachitenso" koma kwa inu chimafika pa kalata.

Zimenezi sindikuzitenga m'mutu mwanga. Kuyambira 2015, zipatala zonse za NHS ku England zimakakamizidwa kupereka ziwerengero chaka ndi chaka pansi pa ndondomeko ya Workforce Race Equality Standard, yomwe ili ndi miyeso isanu ndi inayi. Chaka ndi chaka zimaonetsa chinthu chomwecho: mukatenga magulu awiri ofanana kukula a anthu oitanidwa ku intavyu, pamene achikuda ndi a ku Asia alembedwa awiri, azungu amakhala atalembedwa pafupifupi atatu. Izi zikuchitika m'bungwe limene mwa antchito anayi alionse, woposa mmodzi si mzungu. Ndipo nkhaniyi ndi yakale ngati NHS yomwe. Sitima ya Empire Windrush, yonyamula anthu ochokera ku Caribbean, inafika ku Tilbury mu June 1948, NHS n'kutsegulidwa pa 5 July chaka chomwecho. Atsikana ambiri a ku Caribbean amene anabwera kudzaphunzira unamwino anakankhidwira ku maphunziro otsika a State Enrolled Nurse, omwe sankamufikitsa munthu pa usisitala. Bambo wanu wa ku Jamaica uja mwina mlongo wake anali mmodzi wa iwo.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti chida choyamba ndi kope, osati mkwiyo. Gulani kakope kotchipa, kazikhala kunyumba. Lembani tsiku, nthawi, zomwe zanenedwa mawu ake enieni, ndi amene analipo. Musalembe mayina a okalamba kapena kujambula mafayilo awo, chifukwa pamenepo mudzapereka nokha chikwapu chokukwapulirani. Sungani rota ya miyezi itatu kapena inayi, muwerenge: mausiku angati agwera ndani, masabata angati, maholide angati. Mukalankhula ndi manijala pakamwa, madzulo ake mutumizireni imelo yaulemu yoti "potsatira zomwe tinakambirana lero, ndamva kuti mwanena zakuti". Ku bwalo la milandu ya zantchito, mukaonetsa mfundo zokwanira zosonyeza kuti mwina panali tsankho, mtolo umasamukira kwa bwana kuti afotokoze chifukwa china chomveka. Koma mfundozo ziyenera kukhala ndi masiku. "Nthawi zonse amatizunza" sipita patali. "Pa rota ya milungu 12, mausiku a Loweruka 10 anagwera anthu atatu omwewa" imamuimitsa munthu.

Mukatero yambani pansi. Pemphani kukumana ndi manijala, mufunse mafunso osati kuimba mlandu: n'chifukwa chiyani tinachotsedwa pa kolido ija, udindo wa senior carer unalengezedwa kuti, ndichite chiyani kuti ulendo wina ndiganiziridwe. Mukapita atatu nonse ndi bwino koposa, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zikakanika, lembani dandaulo la grievance motsatira buku la malamulo a kampani. Poti wodandaulidwayo ndi manijala yemweyo, kalatayo ipite kwa amene ali pamwamba pake kapena ku ofesi yoona za antchito; khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pa msonkhano wa dandaulo muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa pantchito kapena nthumwi ya yuniyoni.

Za yuniyonizo, ngati simunalowe lowani sabata ino: UNISON, GMB, Unite, kapenanso Royal College of Nursing yomwe imalandiranso othandiza anamwino. Ndalama yake pamwezi si yambiri. Dziwani kuti kawirikawiri sapereka loya pa vuto lomwe linayamba musanalowe, komabe malangizo mudzapeza, ndipo vuto lotsatira lidzakupezani muli ndi pogwira.

Pali nthawi imene simuyenera kuiphonya. Mlandu wa tsankho ku Employment Tribunal, bwalo la milandu ya zantchito lija, wakhala ukuyenera kuyambika pasanathe miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pamene chinthucho chinachitika, ndipo musanapite kumeneko muyenera kudzera kaye ku ACAS, omwe amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo kwaulere. Boma likusintha malamulo a zantchito kuti nthawiyi italikirepo, koma inu gwirani miyezi itatuyo ndipo muwaimbire a ACAS akuuzeni tsiku lenileni. Dandaulo la mkati mwa kampani siliimitsa wotchi imeneyi. Ndaona anthu akudikira yankho la bwana mwezi ndi mwezi, pofika kwa loya nthawi itatha. Pa mlandu wa tsankho simufunika kukhala mutagwira zaka ziwiri, ndipo kukasuma n'kwaulere. Anthu amapambana: mu 2023 namwino wamkulu wachikuda, Michelle Cox, anapambana mlandu wotere motsutsana ndi NHS England yeniyeniyo. Koma sindikubisirani, njirayo ndi yaitali, imadya tulo, ndipo milandu yambiri ya tsankho siipambana. Ndimaiona ngati khomo lomaliza, lofunika kulisiya lotsegula pamene mukuyesa ena.

Tsopano viza, yomwe ndikudziwa kuti ndiyo ikukusowetsani tulo. Mantha anu ali ndi maziko. Viza yanu yamangiriridwa kwa bwana amene anakuitanani, ndipo ntchito ikatha a Home Office, oona za maviza, nthawi zambiri amapereka masiku 60 oti mupeze sponsor wina. Mabwana oipa amadziwa zimenezi ndipo amazigwiritsa ntchito ngati chingwe cha pakhosi. Koma kulanga munthu chifukwa wadandaula za tsankho, kaya pomuchepetsera maola, kumuopseza kapena kumuchotsa ntchito, ndi mlandu wina pawokha pansi pa lamulo lomwe lija. Ndiponso kuyambira July 2025 makampani saloledwanso kuitana ma care worker atsopano kuchokera kunja, kotero munthu amene muli kale m'dziko muno, wodziwa ntchito, simuli wopanda mtengo monga momwe bwana angafunire kuti muziganizira. Nzeru yake ndi iyi: musanaponye kalata ya dandaulo, konzani CV, sungani ma payslip ndi makalata a maphunziro anu kunyumba, ndipo yang'anani mwakachetechete makampani ena okhala ndi chilolezo cha usponsa. Pa za mapepala funsani loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi boma, osati gulu la WhatsApp la kumpingo. Ndipo ngati bwana wakusungirani pasipoti, akukudulani malipiro kuti mubweze "ngongole ya viza", kapena wanena poyera kuti akubwezani kwanu mukayankhula, imeneyo yapitirira tsankho. Imbani ku Modern Slavery Helpline kapena pitani ku Citizens Advice msanga.

Ndiikepo kamodzi kuti tisadzinamize. Lamuloli silinalembedwere azungu okha. Ndaonapo ma care home a eni ake achikuda kumene bwana amapatsa mashifiti abwino anthu a kwawo okha, ena onse n'kumatola zotsala. Nalonso ndi tsankho pamaso pa lamulo lomwelo. Ife a ku Malawi, amene timadziwa kufunsa kuti "kwanu n'kuti" tisanamulembe munthu ntchito, tisachite ngati matendawa tawaonera kuno.

Ndasiyira dala kumapeto bambo wa ku Jamaica, chifukwa m'kalata yanu yonse ndi iye amene wandidetsa nkhawa kwambiri. Inu mutha kulemba imelo, iye sangathe. Ndipo ndaphunzira kuti malo amene saona antchito ake achikuda saonanso odwala ake achikuda. Ndi diso limodzi lomwelo.

Mabuku amene tonse tinaphunzira, ngakhale kwathu komwe, anajambula matenda pa khungu loyera. Amati chilonda cha pabedi chimayamba ndi kufiira. Pa khungu ngati lathu sichifiira. Pamada kuposa pozungulira, pena pamaoneka ngati pofiirira mwa bilinganya, pamatentha kapena kuzizira mosiyana, pamalimba kapena kufewa ngati nthochi yakupsa, ndipo munthu amadzikoka mukapagwira. Wosamalira amene akungofuna kufiira adzalemba "khungu lili bwino" mpaka tsiku lomwe chilonda chidzaphulike. Mawa mukalowa, tsegulani makatani kuti kulowe kuwala kwa dzuwa, muwayang'ane bambowo pa zidendene, pa mchira wa msana, m'chiuno ndi m'zigongono, ndipo mugwire ndi dzanja, osangoona. Munthu wakuda akamasowa mpweya milomo siichita buluu monga mabuku anenera. Yang'anani m'kamwa, nkhama ndi lilime, zimatuwa. Chikasu chimaonekera m'maso. Mnyamata wina wobadwira ku Zimbabwe, Malone Mukwende, ali pasukulu ya udokotala ku St George's ku London, anatopa nazo izi mpaka mu 2020 anatulutsa kabuku ka zithunzi za matenda pa khungu lakuda kotchedwa Mind the Gap. Kamapezeka kwaulere pa intaneti. Kaonetseni anzanu pa handover.

Ngakhale kachipangizo kopanira kuchala koyeza mpweya m'magazi kali ndi vuto lomweli. Kafukufuku wa ku University of Michigan wa mu December 2020 anapeza kuti kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala achikuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu, chifukwa kamawerenga mokweza. Choncho nambala ikati 94 koma munthu akupuma mothamanga ndi kusokonezeka, khulupirirani maso anu, itanani namwino.

Kusakhulupiriridwa kumapha. Lipoti la 2018 la MBRRACE, ofufuza za imfa za amayi pa uchembere, linaonetsa kuti ku UK mayi wachikuda anali pa chiopsezo chomwalira pa uchembere kasanu kuposa mzungu. Malipoti a zaka zapitazi akuonetsa kawiri kapena katatu, zomwe zikadali zochititsa manyazi. Anthu achikuda amatsekeredwa m'zipatala za amisala pansi pa Mental Health Act mowirikiza katatu ndi kupitirira. David Bennett anamwalira mu 1998 ku Norwich atapanikizidwa pansi ndi anamwino kwa mphindi zoposa 20. Olaseni Lewis anamwalira mu 2010 atapanikizidwa ndi apolisi m'chipatala cha Bethlem, ndipo banja lake linalimbana mpaka mu 2018 panabadwa lamulo loona za kugwira odwala mokakamiza m'zipatala za amisala, lodziwika kuti Seni's Law. Evan Nathan Smith, wa zaka 21, wodwala sickle cell, anaimba 999 ali pabedi la m'chipatala ku London mu 2019 chifukwa anakanizidwa okosijeni, anamwalira. Ndimawatchula mayina anthuwa pophunzitsa anamwino atsopano chifukwa palibe mmodzi yemwe mwa amene ankawasamalira amene anadzuka m'mawa n'cholinga chopha munthu. Anangomuona ngati woopsa, wokokomeza, kapena wovuta.

Kutuwa kwa bambo wanu kukhoza kukhala kungosowa mafuta. Anthu ambiri osamalira sadziwa kuti khungu lathu limafuna kudzola tsiku lililonse, ndi kuti tsitsi lathu silipesedwa louma ndi kachipeso ka mano othinana. Kusadya kukhoza kukhala kutopa ndi mbatata yopondaponda. Munthu amene wakula ndi mpunga wa nyemba, nsomba yamchere ndi nthochi zophika, mumupatse sandwichi yozizira miyezi isanu ndi umodzi, asiya basi. Inu ndi ine tikudziwa mmene thupi limachitira likatha mwezi osaona nsima. Koma musangoganiza kuti ndi zimenezo. Muyezeni sikelo, yerekezani ndi miyezi yapita, aonedwe m'kamwa ngati muli zilonda kapena mano oika akumupweteka, ndipo ngati akutsika thupi kapena akugona kwambiri, dokotala wake (GP) amuone sabata yomwe ino. Funsani iye mwini ndi abale ake zomwe amakonda, zilembedwe mu care plan kuti zisathere pa shifiti yanu yokha. Mukanena koma osamvedwa, ndipo mukuona kuti akunyalanyazidwa, imeneyo ndi nkhani ya safeguarding, yoteteza munthu wosatha kudziteteza: mutha kuimbira khonsolo ya dera lanu kapena CQC mwachindunji, ngakhale osatchula dzina lanu, ndipo lamulo limateteza wantchito woulula zotere.

Nanga za u-champion zija, muvomere? Ine ndinavomerapo kamodzi udindo wotere pamalo ena. Anandipatsa baji ndi bolodi la pakhoma, ndinaphika mandasi pa Black History Month mu October, anajambula zithunzi, oyendera anabwera n'kupita, rota inakhala momwemo. Kuyambira pamenepo ndimati munthu avomere pokhapokha atapatsidwa zinthu zogwirika, zolembedwa. Nthawi yochitira ntchitoyo ikhale yolipidwa, mkati mwa maola anu. Kampani ilembe mfundo yoti pempho losankha khungu la wosamalira silidzamveredwa, ndipo mabanja aziuzidwa pa tsiku lobweretsa kholo lawo. Udindo uliwonse ndi maphunziro alionse azilengezedwa kwa onse, pa bolodi ndi pa imelo. Miyezi itatu iliyonse wina wa pamwamba pa manijala aziona ziwerengero za mashifiti, maphunziro, kukwezedwa ndi milandu, mogawa potengera mitundu. A Skills for Care, bungwe lothandiza pa maphunziro a antchito osamalira anthu, ali ndi ndondomeko ya miyeso yotereyi ya mbali ya social care yomwe mungatengereko chitsanzo. Ndipo antchito onse, osati achikuda okha, aphunzitsidwe kuyang'ana khungu lakuda.

Kubwera kwa a CQC kukupatsani mphamvu imene simunakhale nayo chaka chonsechi, chifukwa oyenderawo amafunsa antchito paokha mmene amasamalidwira, ndipo manijala akudziwa. Mutha kumuuza mwaulemu kuti muli okonzeka kuthandiza, koma chinthu choyamba chimene equality champion angafunsidwe ndi chifukwa chimene anthu atatu anachotsedwera pa kolido ija, ndiye ndi bwino rota ibwerere kaye. Mmene adzayankhire pamenepo mudzadziwa ngati mukhale kapena muyambe kutumiza ma CV.

Chomaliza, dzisamaleni. Ngati mwayamba kusowa tulo, kulira m'basi popita kuntchito, mutu kuwawa kapena BP kukwera, pitani kwa GP mukanene kuti gwero lake ndi kuntchito, zilembedwe m'fayilo yanu. Amuna anu muwawerengere yankholi, makamaka ndime ya masiku 60 ndi ya miyezi itatu, kuti mukonze limodzi za ndalama musanaponye kalata iliyonse. Ndipo mundilemberenso mukawayeza sikelo bambo aja. Ndikufuna kudziwa kuti zidendene zawo mwazipeza bwanji.